A Mateyu Asungitsa Malo

Ku Alexandra kuli anthu ena oti ukakumana nawo m'mawa umaona kuti miyendo yokha ndiyo yadzuka, mwiniwake akadali m'tulo. A Mateyu Makwinja anali mmodzi wa iwo. Ankatuluka m'kachipinda kawo ka kuseri kwa nyumba ya eni kusanayere bwino, n'kuyamba wapansi kudutsa pa Marlboro, pakati pa mipanda ya mafakitale, mpaka kukawoloka mlatho wa pamwamba pa msewu waukulu. Kutsidyako n'kumene kunali ntchito yawo, pa nyumba ya mayi wina wachizungu, wamasiye, amene ankacheza ndi maluwa kuposa mmene ankachezera ndi anthu. Anagwira pamenepo zaka khumi ndi chimodzi. Imvi zinali zitayamba kale kuwazungulira m'makutu, komatu ku Joni wosamalira maluwa sakula. Kaya ali ndi zidzukulu, dzina lake ndi gadeniboyi basi.

Kwawo kunali ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu. Anachokako mu 2007 ndi chikwama chimodzi komanso lonjezo lija amasiya aliyense, loti zaka ziwiri zokha, ndikangogula malata ndabwera. Malatawo anagulidwadi, nyumba n'kufoleredwa, mwini nyumba osaoneka. Chaka chotsatira, anthu a ku Alexandra atadzukira alendo ndi zibonga ndi moto, a Mateyu anagona panja pa polisi pamodzi ndi anzawo ambirimbiri. Anzawowo atakwera mabasi kubwerera kwawo, iwo anati ndidikire kaye ziphwe. Zinaphwadi, iwo n'kukhaliratu. Kumudzi anapondako kamodzi kokha, mu 2012, ndipo mwana wawo Bridget anamusiya ali Sitandade 3. Mawu oti mtchona ankadana nawo kwambiri. Ankati mtchona ndi munthu woiwala kwawo, pamene iwo tsiku lililonse ankadziwa ngati ku Namitambo kwagwa mvula kapena ayi.

Akazi awo, a Mariya, anamwalira mu Januwale 2021, nthawi ya mliri ija, malire ali otseka. Nyimbo za kumanda a Mateyu anazimvera pa foni, ataima kuseri kwa galaja, payipi ikungothira madzi pamalo amodzi. Palibe anawadzudzula, poti malire otseka ndi otseka. Koma malirewo atatseguka panapezeka chifukwa china, chitatha chimenecho panabadwa chinanso, mpaka zaka zitatu zinadutsa. Tisawanamizire kuuma mtima a Mateyu, munthu ankalira yekha m'kanyumba kosungiramo zipangizo. Chimene chinkawamanga miyendo chinali mantha.

Manthawo anali otere. Ntchito ya panyumba ku Joni sungaitseke ndi loko n'kuisiya, chifukwa udzu sudikira munthu. Ndiye a Malawi ali ndi kachitidwe kawo. Wofuna kukaona kumudzi amapeza mnzake womusungira malo, amakamuonetsa kwa bwana, n'kumusiyira makiyi a pageti kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Akabwerako, wosungayo amabweza makiyi n'kukayang'ana kwina. Umu ndi mmene zimayenera kukhalira. Koma tafunsani pa Alexandra, akutchulirani mayina a anthu amene anasungitsa malo n'kudzapeza wosunga uja atamera mizu. Wosunga akakhala waulesi, bwana amathamangitsa onse awiri. Akakhala wakhama kwambiri, bwana amaiwala kuti malowo anali ndi mwiniwake. A Mateyu zimenezi ankazidziwa bwino lomwe.

Chimene chinawadzutsa ndi foni ya Bridget, Lamlungu lina mu Julayi. Mtsikanayo sanazungulire.

"Ababa, chiliza cha amayi tikuvundukula Loweruka lachiwiri la Seputembala. Amalume akuti mubwere adzakusudzuleni, mwambo uthe. Anthu atopa n'kufunsa."

"Ndamva, mwanangu. Nditumiza ya simenti ndi ya..."

"Simenti tagula kale. Ine sindikufuna katundu. Mukapanda kubwera ulendo uno, nambala yangayi muifufute basi."

Kusudzula sikuchitikira pa foni. Mwamuna wofedwa amayenera kukhala pansi pamaso pa akuchikazi, iwo n'kumuuza anthu akumva kuti maliro atha, wamasulidwa. M'mawa mwake a Mateyu anakapempha tchuthi kwa adona. Adona analola masabata asanu ndi limodzi, koma anati wosunga malowo ayambe amuona masiku angapo akugwira.

Anthu osowa ntchito pa Alexandra ali mbwee, koma a Mateyu sanafune ndi mmodzi yemwe wa iwo. Munthu amene watha miyezi isanu akuima pamphambano kudikira ganyu sungamupatse makiyi n'kumayembekeza kuti adzabweza. Anaitanitsa mphwawo, Chikosa, mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mlimi wa tomato amene ulendo wake wautali kwambiri unali wa ku Limbe. Anati magazi ndi magazi, mwana wa mlongo wako sangakulande mbale uli mkati modya. Panalinso china chimene sananene poyera. Chingerezi cha mnyamatayo chinkathera pa "yes" ndi "thank you", ndiye sakanazolowerana ndi adona.

Basi inafika pa Park Station Lamlungu masana, itachedwa maola asanu pa malire a Beitbridge. Chikosa anatsika womalizira, mapazi atatupa moti nsapato anali atazipondera kuzidendene, maso ali psuu, kathumba ka nandolo ndi makaka kali paphewa. Masiku awiri pampando si masewera. Atawazindikira amalume ake, anatula kathumbako n'kunyonyomala pakati pa chinamtindi cha anthu, manja onse awiri atatambasula.

"Amalume, muli bwanji? Amayi akupereka moni, agogo nawonso akuti..."

"Dzuka, dzuka iwe! Moni tikapatsana kunyumba. Ukufuna tsotsi aliyense adziwe kuti watsika lero?"

Anamugwira pamkono n'kutuluka naye. Panja Chikosa maso anali m'mwamba, kuwerenga nsanjika za nyumba. Anafika pa khumi ndi zisanu n'kugundana ndi mayi wogulitsa mapeyala, amene anamulalatira m'Chizulu. Iye anapepesa m'Chichewa, akuwomba m'manja, mayiyo n'kukwiyiratu poganiza kuti akumuseka.

"Amalume, kwagwanji kuno? Anthu onsewa akuthamangira kuti?"

"Palibe chagwa. Lero ndi Sande, town ilibe anthu. Yang'ana kumene ukuponda, ndipo foniyo ilowetse mu sokosi."

Atayenda pang'ono anapeza munthu atagona chafufumimba m'mbali mwa msewu, nsapato imodzi palibe, anthu akungomulambalala. Chikosa anaima.

"Munthuyu ali moyo koma?"

"Yenda."

"Tingomufunsa ngati..."

"Ndati yenda, mphwanga."

Mnyamatayo anayenda, koma anacheuka kawiri. A Mateyu sanacheuke. Anayesa kukumbukira chaka chimene anasiya kucheukira zoterezi, ndipo sanachipeze.

M'minibasi, imene kuno amati takisi, Chikosa polowa anawerama n'kunena mokweza kuti, "Zikomo, zikomo, muli bwanji nonse?" Anthu anatembenuka. A Mateyu anamutsina pantchafu n'kumunong'oneza kuti m'takisi Chichewa chimatsala panja. Kuyambira pamenepo mnyamatayo anangotsamiza mphumi pagalasi. Nsanja zamagalasi za ku Sandton zitayamba kung'anima chakumanzere, anadzuka pang'ono n'kuloza ndi mlomo.

"Kwanu n'kumeneko?"

"Kwathu n'kuno," anayankha a Mateyu, takisi ikukhotera kumanja, m'timisewu ta madzi akuda ndi mawaya a magetsi olendewera.

Chipindacho Chikosa anachiyang'ana kamodzi n'kuchimaliza. Munali bedi, kambaula kamagetsi, ndowa, ndi sutikesi pansi pa bedi. Mpopi ndi chimbudzi zinali panja, za mabanja asanu ndi anayi. Mnyamatayo anayang'ana amalume ake, a Mateyu n'kuyang'ana kumbali. Kumudzi dzina lawo linali lolemera, amalume a ku Joni, amene anafolera nyumba ziwiri ndi malata. Tsopano mphwawo anali ataima pakhomo, akufuna poika kathumba osapapeza. Manyazi anawagwira. Anam'pangira tiyi ndi buledi, ndipo moni uja anati akapatsana kunyumba sanapatsane, chifukwa mlendoyo anagona kapu ili m'manja dzuwa lisanalowe.

Lolemba sukulu ya Chikosa inayamba. A Mateyu anamuonetsa kabatani kotsegulira geti, dzina la galu, makina otchetchera kapinga, ndi ukonde wovuulira masamba m'dziwe losambiramo. Adona anatuluka ndi kapu ya khofi, n'kumuyang'ana Chikosa kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga achitira ogula mbuzi pamsika, kenako anati apereka yankho pofika Lachinayi. Basi ya a Mateyu inali ya Lachisanu, ndipo tikiti anali atagula kale.

Phunziro lalikulu analipereka chapansipansi, ali awiri kuseri.

"Tamvera, mphwanga. Pano si pa dimba lako. Usamagwire ngati mawa kulibe. Ntchito ya lero uzisiyako ya mawa. Ukatchetcha kutsogolo lero, kumbuyo udzatchetche mkuja. Slowly slowly, wamva?"

"Nanga ndikamaliza ndizitani?"

"Usamamalize."

Chikosa anavomera, koma zinkaoneka kuti sizikumulowa. Munthu woleredwa ndi khasu ukamuuza kuti usamamalize amayesa ukumuseleula. Ndipo amalumewo sakanamuuza chilungamo chake, choti akumupatsa nzeru zokwanira kusungira malo koma zosakwanira kuwalanda.

Pa nkhomaliro atakhala pamthunzi wa khoma, mnyamatayo anapukusa mutu akuyang'ana m'maluwa.

"Koma amalume, azunguwa. Nyumba yonseyi, galimoto ziwiri, koma pansi pa maluwa zinyalala zili mbwee chonchi? Kwathu amayi akanatikwapula."

"Za azungu zisiye," anatero a Mateyu, maso atatseka.

Yankho linathera pomwepo, ndipo apa m'pamene analakwitsa. Zimene mnyamatayo ankati zinyalala, kwa adona chinali chuma. Masamba onse ogwa m'nyengo yozizira ankawasunga, n'kuwasakaniza ndi makungwa ogula kusitolo, n'kuwayala mochindikala pansi pa marozi kuti chinyezi chisathawe, poti madzi mumzindamo ankavutavuta. Masamba apansi anali atawolerana zaka zitatu, akuda bii, odzaza nyongolotsi zimene adona ankazinyadira ngati ziweto. A Mateyu eniake zinawatengera chaka chathunthu kuti dzanja lizolowere kudutsa pa masamba osawasesa. Kufotokoza zonsezi kunkafuna mphamvu, ndipo masana amenewo mphamvuzo analibe.

Lachiwiri madzulo, ali pamzere wa pampopi ndowa zili m'manja, Chikosa anadandaula kuti mutu ukumuwawa ndi phokoso, kuti chifikireni sanamveko kachetechete ngakhale mphindi imodzi. Anati mzinda uno ukumutopetsa kuposa kugalauza dimba. Kenako anafunsa funso limene mwana wolemekeza akulu safunsa, koma kutopa kumamasula lilime.

"Amalume, kuno mumacheza ndi ndani?"

"Sande timakumana kutchalitchi."

"Masiku enawa?"

"Masiku enawa n'ngantchito. Sendera, mzere wayenda."

Lachitatu adona anapita kwa dokotala wa mano, ndipo a Mateyu anapempha maola awiri kuti akagule za ulendo. Chikosa anamusiyira ntchito yopepuka, kuthirira maluwa a m'miphika kenako kukhala pansi. M'tauni anagula nsalu yoyera yophimbira chiliza ndi bulangete la apongozi. Pa diresi ya Bridget m'pamene panavuta. Wogulitsa, mtsikana wongofanana zaka ndi Bridget yemweyo, anafunsa saizi. A Mateyu anatambasula dzanja kuti aonetse kutalika kwake, ndipo dzanjalo linakaima chapamimba pawo, pa msinkhu wa mwana wa Sitandade 3. Analibweza msanga m'thumba. Anazungulira m'sitolomo nthawi yaitali, kugwira iyi, kusiya, kugwira iyo, mpaka anatuluka ndi kachikwama ka m'manja, poti chikwama sichifuna saizi. Maola awiri aja anali atakwana anayi.

Utsi anauona akadali pamlatho. Anadziuza kuti ndi wa kwina. Atakhota pa msewu wa kwa adona anasiya kudzinamiza n'kuyamba kuthamanga, majumbo akuwamenya m'miyendo.

Chikosa anali atasesa. Anasesa monga anamuphunzitsira mayi ake, monga amasesera pakhomo pa munthu wodzilemekeza. Ataona kuti chokokolera chapulasitiki chikusiya zina, anathyola tinthambi n'kumanga tsache lakelake. Pansi pa marozi onse, kuyambira pageti mpaka kudziwe, panali dothi lofiira lokhalokha, popanda ndi tsamba limodzi lomwe, mizere ya tsache ikuoneka bwinobwino. Zinyalala zonse anaziunjika kukhoma lakumbuyo n'kuyatsa. Mphepo ya Seputembala inachita zake. Moto unali utanyambita mpanda wamaluwa mbali imodzi, ndipo timapayipi takuda tothirira tinali titasungunuka n'kupiringizika. Mnyamatayo anaima pambali, thukuta lili kamukamu, akumwetulira.

"Ndinaona kuti kungokhala pakhomo pa eni si ulemu, amalume. Taonani mmene pawalira."

Kunena zoona, panali patawaladi. Kwa kanthawi a Mateyu anaima majumbo ali m'manja, fungo la masamba opsa likuwalowa m'mphuno, ndipo anali pa Namitambo m'mamawa, a Mariya atawerama ndi tsache, dzanja lina lili kumsana. Mtima unawawawa zedi. Kenako galimoto ya alonda a m'deralo inaima pageti, poti oyandikana nawo anali ataimba kale foni, ndipo kumbuyo kwake kunali galimoto ya adona.

"Bweretsa tsachelo kuno. Thamanga ukatenge payipi yaikulu uzimitse motowo. Kaya akufunse chiyani, usatsegule pakamwa."

A Mateyu anaponya majumbo kuseri kwa galaja, n'kudzipaka phulusa m'manja ndi pamalaya.

Mayi mwini nyumbayo sanakuwe. Anabweza alondawo ndi dzanja, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa marozi, tsaya lili lotupa ndi jakisoni wa dokotala. Anagwada n'kukhudza dothi, limene dzuwa linali litaliumitsa kale, timizu toyera tili pamtunda. Kenako anayang'ana amuna awiriwo.

"Matthew, who did this?" Panyumbapo dzina lawo linali limenelo.

Funsolo linali loti wachita izi ndani, ndipo a Mateyu anali ataliyankha kale mumtima. Akanati ndi mnyamatayu, mnyamatayo sakanapondanso pamenepo, ndipo wina womukhulupirira sakanapezeka m'masiku awiri. Basi ikananyamuka mpando wawo uli wopanda munthu, Bridget n'kudikira pachabe. Koma zaka khumi ndi chimodzi, anaganiza choncho, zikhoza kusenza mlandu umene masiku atatu sangausenze.

"Ndine, madamu," anatero m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. "Kwathu tikamakonzekera chiliza timasesa kumanda mpaka dothi lioneke. Mutu wanga unali kumeneko. Ndazindikira moto utayaka kale. Sorry, madamu."

Bwenzi zili bwino mayiyo akanakalipa. Ukali umaphwa, munthu amatukwana lero mawa n'kuiwala. Koma iye anawayang'ana ndi maso achisoni, kuyang'ana imvi zija, kuyang'ana mmene ankapumirabe mwawefuwefu ndi kuthamanga kuja. Kenako maso ake anapita kwa Chikosa, amene anali atazimitsa kale moto ndipo ankakankha wilibala yodzaza phulusa lonyowa chothamanga, ngati mulibe kanthu.

"Watopa, Matthew," anatero mofatsa. "Ndimayenera kuona kalekale. Pita kwanu ukapume bwinobwino. Usafulumire kubwera, take your time. Mnyamatayu ndi wamphamvu, ndimuphunzitsa ndekha."

Mawu amenewa a Mateyu sanali kuwamva koyamba. Anawamvapo pabwalo lomwelo, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, akuuzidwa Che Shafii a ku Mangochi. Che Shafii ankapita kukaona mayi awo odwala, ndipo malo anasungitsa kwa mnzawo wa ku Chiradzulu, wamphamvu, wokankha wilibala chothamanga. Atabwerako anaima pageti n'kuliza belu katatu. Adona anawayankhira pa kachipangizo ka pakhoma, osatuluka n'komwe. A Mateyu anali kumbuyo kwa nyumba, ndipo anasiya makina akulira pa kapinga wotchetcha kale mpaka munthuyo atapita. Nkhani imeneyi sanauzepo munthu, ngakhale a Mariya.

"Thank you, madamu," anatero.

Pobwerera, Chikosa misozi inali ikulengeza. Anapepesa kambirimbiri. Anati safunsa anadya phula uja ndi iyeyo, anati akawauza amayi ake kuti amalume anamusenzera mlandu pamaso pa mzungu. Atafika pamlatho anafunsa chimene chinkamuvuta, poti pa Chingerezi chonse cha adona anangotolapo mawu oti "strong".

"Ndiye akuti bwanji? Ndisunge malowo?"

"Akuti usunge."

"Ndiye zathekatu, amalume! Mukupita!"

"Ndikupita."

Pansi pawo magalimoto ankadutsa osalekeza, ena kupita uku, ena uko. A Mateyu anaima pang'ono atagwira chitsulo cha mlatho. Anafufuza mumtima kuti apeze mkwiyo pa mnyamatayo, koma sanaupeze. Anapezamo kutopa, ndi kachimwemwe kakang'ono koti Loweruka lachiwiri la Seputembala akaima pamanda a akazi awo, Bridget ali pambali.

Lachinayi anamuphunzitsa zenizeni. Za slowly slowly sanazitchulenso. Anamuonetsa podulira rozi, pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Anamufotokozera chifukwa chake masamba amayalidwa pansi, n'kumulowetsa dzanja mu mulu wa manyowa kuti amve kufunda kwake. Anamuuza kuti adona akadzuka osalankhula ndiye kuti mwana wawo wa kutsidya kwa nyanja sanaimbe foni, ndipo tsiku limenelo makina aphokoso asalire. Mayina a maluwa anamulembera pa katoni monga amamvekera m'khutu. Pobwerera anamudutsitsa njira yachidule ya pa Marlboro, n'kumuloza ngodya imene munthu sadutsa yekha tsiku lolandira malipiro. Chikosa anadabwa kuti ntchito ya masabata ochepa ikufuna nzeru zochuluka chonchi, koma anangoti mwina amalume akuopa moto wina.

Lachisanu m'mawa analongedza. Sutikesi inatuluka pansi pa bedi ili fumbi lokhalokha, zipi yake mpaka anaipaka kandulo kuti iyende. Analowetsamo nsalu yoyera, bulangete, kachikwama ka Bridget, suti ya kutchalitchi, Baibulo, ndi mapepala onse a m'kabokosi, ngakhale akalekale osafunika. Makiyi a chipinda ndi a pageti anamupatsa Chikosa, n'kupita naye kwa mayi mwini chipindacho kuti azimudziwa. Atabwerako ananyamula sutikesi n'kuyang'ana m'chipindamo kamodzi.

"Amalume, jekete mwaiwala," anatero Chikosa, akuloza pamsomali wa kuseri kwa chitseko, pamene panapachikidwa jekete yaikulu yaubweya mkati.

"Ndi yako imeneyo. Kuno Juni kumazizira zosaseketsa."

Chikosa anaseka. "Juni? Si mwati mukubwera pakati pa Okutobala? Ine Juni adzandipeza ku dimba kwanga, ndikuthirira tomato."

A Mateyu anamuyang'ana mwana wa mlongo wawo, makiyi ali m'manja, nkhope ili yowala ndi chikhulupiriro. Anafuna kumuuza kuti pepa, koma sanadziwe poyambira.

"Uzidzavala ndi juzi mkati," anatero, n'kutsogola kutuluka.